Dr. Robert Laws, Munthu Amene Anapempha Kutumidwa

Anthu a pa Nkhata Bay akhala akukwera ndi kutsika sitima ya Ilala pa doko lawo kuyambira m'chaka cha 1951, ndipo palibe mwana wa sukulu m'tauniyi amene salidziwa dzinali. Sitimayi inatenga dzina la inzake yaing'ono imene inalowa m'nyanja yathu pa 12 Okutobala 1875, ndipo iyonso inatchedwa ndi dzina la dziko la Ilala, ku Zambia, kumene David Livingstone anapezeka atamwalira chogwada pambali pa kama wake m'chaka cha 1873. M'kasitima koyambako munali mnyamata wa zaka 24, dotolo amenenso anali mbusa, dzina lake Robert Laws. M'mawa umenewo, atangoona kuti mtsinje wa Shire watha ndipo nyanja yayamba, anthu a m'sitimamo anaimitsa makina naimba Salmo 100. Ife tifuna kukamba za moyo wa munthu ameneyu, makamaka za kapempheredwe kake, pakuti ambiri amakumbuka nyumba ndi misewu imene anamanga, osafunsa chimene chinamukhazika m'dziko lino zaka 52.

A Laws anabadwa pa 28 Meyi 1851 mu mzinda wa Aberdeen, ku Scotland. Bambo awo anali mmisiri wa matabwa, ndipo iwonso anaphunzira luso lomwelo, namagwira ntchito usana, madzulo n'kumawerenga. Ali mwana anawerenga za maulendo a Livingstone, ndipo anakopeka mtima ndi Amakololo, anthu amene anaperekeza Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Wolemba mbiri yawo, W. P. Livingstone, akufotokoza kuti mnyamatayo ankapempha Mulungu kuti adzamutume kwa Amakololowo. Tiyenera kuona bwino chimene anapempha. Ambiri a ife tikagwada timapempha kuti tipatsidwe, kaya ndi ntchito, kaya kukwezedwa, kaya kuti mwana akhoze mayeso, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Mnyamata uyu anapempha kuti agwiritsidwe ntchito, ndipo atapempha anayamba kudzikonza. Anaphunzira udotolo pa yunivesite ya Aberdeen, za ubusa ku Edinburgh, natumikira odwala nthomba m'zipatala za ku Glasgow.

Yankho linadza m'njira imene sakadaiganiza. Livingstone ataikidwa ku London m'chaka cha 1874, Dr. James Stewart wa ku Lovedale analimbikitsa mpingo wa Free Church kuti ukhazikitse mishoni pa nyanja ino, ndipo dzina lake likhale Livingstonia. A Laws anali a mpingo wina, wa United Presbyterian, koma mpingo wawo unawabwereketsa. Ulendowo, wotsogozedwa ndi E. D. Young, utafika pa mathithi a Shire, panafunika kuphwasula sitima ndi kuinyamula pamutu zidutswazidutswa. Mafumu amene anasonkhanitsa mazana a anthu onyamula katunduyo anali Amakololo omwe aja, amene Livingstone anawasiya ku chigwa cha Shire ndipo anali atasanduka eni midzi kumeneko.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Zaka za ku Cape Maclear, kumene mishoni inayamba, zinali za matope okhaokha. Zoona, kumeneko a Laws anachita opaleshoni yoyamba yogoneka munthu ndi mankhwala m'chaka cha 1876, ndipo mbiri yake inawanda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Koma malungo anatenga anzawo mmodzimmodzi, kuyambira Dr. William Black ndi Shadrach Mngunana, mphunzitsi wachikhosa, onse m'chaka cha 1877. Pofika 1881 panali mzere wa manda, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene anabatizidwa mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Mkulu aliyense wa m'boma amene analembapo lipoti la pachaka adziwa m'mene lipoti lotere limalandiridwira ku likulu. A Laws, amene tsopano anali mtsogoleri wa mishoni, sanapemphe kubwerera kwawo. Anasamutsira ntchito ku Bandawe, kumwera kwa Chintheche, m'boma lino la Nkhata Bay.

Dziko la Atonga panthawiyo linali la mantha. Atonga ambiri anali atangothawa kumene m'manja mwa Angoni a M'mbelwa, ndipo ankakhala mopanikizana m'malinga m'mphepete mwa nyanja, pansi pa mafumu monga Mankhambira, Marenga ndi Chimbano. Mafumuwa analandira azungu poyembekeza kuti apeza abwenzi a mfuti. A Laws anakana kumenyera nkhondo mbali iliyonse. Anali atakwera kale mapiri kukaonana ndi Inkosi M'mbelwa m'chaka cha 1879, ndipo m'chaka cha 1882 William Koyi, mlaliki wachikhosa amene ankamvana chilankhulo ndi Angoni, anakakhala pa Njuyu. Kwa zaka zingapo Angoni sanalole sukulu, poopa kuti anyamata akaphunzira adzaleka nkhondo.

Nkhani ya mvula ya m'chaka cha 1886 imakambidwa kawirikawiri pa maguwa, ndipo nthawi zina imapatsidwa kwa a Laws, chonsecho iwo anali asanabwere kuchokera kutchuthi ku Scotland. Amene anali pa Njuyu ndi Dr. Walter Elmslie ndi Koyi. Mvula inachedwa, nsembe za kwa makolo zinaperekedwa koma kumwamba kunali mbee, ndipo Angoni anapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Mwezi wa Januwale anachita mapemphero pamaso pa khamu, ndipo posakhalitsa mvula inagwa. Elmslie mwini anada nkhawa kuti anthu amuyesa sing'anga wa mvula, chifukwa sankafuna kuti pemphero lioneke ngati mankhwala amene munthu amasunga m'thumba. Patapita miyezi yowerengeka Angoni analola sukulu, ndipo Koyi anaumva uthengawo ali pa mphasa ya imfa. Anamwalira mwezi wa Juni chaka chomwecho.

Ife tikhulupirira kuti chimene chinachitika chaka chotsatira chionetsa bwino koposa mphamvu imene tikunenayi, ngakhale kuti sichikoma kusimba monga mvula. M'chaka cha 1887 Angoni anafuna kuti amishoni achoke ku Bandawe, akakhale kumapiri, kuti njira yokathira nkhondo Atonga itseguke. Atonga nawo, poopa kusiyidwa okha, ankalonda mishoni usana ndi usiku kuti azungu asathawire m'sitima. A Laws anali pakati, ndi mkazi wawo Margaret, amene anakwatirana naye ku Blantyre m'chaka cha 1879, ndiponso khanda lawo Amelia Nyasa, lobadwira pa Bandawe pomwepo m'chaka cha 1886. Mwa ana onse amene banjali linabereka, ndi yekhayu amene anakula. Bambo wotere akadanyamula banja lake n'kuchoka, sitikadamunena. Iwo anakwera mapiri mwezi wa Okutobala opanda asilikali, nakhala pabwalo ndi M'mbelwa ndi nduna zake, kumva mawu aukali ndi kuyankha mofatsa, osalonjeza chimene sakadachita. Mishoni inakhalabe pa Bandawe, ndipo nkhondo imene inkaopedwa pamenepo sinabwere. Kufatsa kotere pamaso pa mikondo munthu sakupeza tsiku lomwelo. Kumachokera ku chizolowezi cha zaka zambiri chopereka tsiku lililonse m'manja mwa Mulungu lisanayambe, ndipo ndi mwambo umene a Laws anaukhazikitsa pa mishoni, kuti antchito ndi ana a sukulu ayambe ndi mapemphero asanagwire khasu kapena sileti.

Zipatso zinachedwa, koma zitayamba zinadza mochuluka. Atonga oyamba anabatizidwa m'chaka cha 1889, ndipo kwa Angoni Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara anabatizidwa m'chaka cha 1890. M'zaka zotsatira, pamene pa Bandawe panali Mbusa A. G. MacAlpine, anthu anakhamukira m'makalasi ndi m'sukulu za m'midzi kotero kuti panamangidwa tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chikuonekabe pa Bandawe wakale. Njala ya maphunziro imene anthu a boma lino amadziwika nayo inayamba masiku amenewo.

A Laws anali atapita kale patsogolo. M'chaka cha 1894 anasankha phiri la Khondowe, nayamba sukulu ya Overtoun yophunzitsa aphunzitsi, abusa, othandiza m'chipatala, akalaliki, amisiri a matabwa, omanga ndi osindikiza mabuku. Anakokera madzi m'mipope kuchokera kumapiri, anakumba msewu wokhotakhota wa Gorodi kuchokera kunyanja, ndipo pofika 1905 pa Livingstonia pankayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Za izi zalembedwa zambiri ndipo sitichulukitsapo mawu. Tingoti munthu amene amayeza yekha kutsetsereka kwa mpope sanaone kusiyana pakati pa kupemphera ndi kugwira ntchito yolongosoka. Mpingo wa kwawo unawasankha kukhala mtsogoleri wa msonkhano wake waukulu m'chaka cha 1908, ndipo anakhalakonso m'bungwe lopanga malamulo la Nyasaland.

Koma pano tiyenera kunena mosabisa, chifukwa mbiri yongotamanda siphunzitsa kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo a Laws anali wodekha kopambana. Vuto n'lakuti kudekha kumene anadzilamula okha anakulamulanso kwa ena amene analibe chifukwa chodikira. Munthu wofuna ubatizo ankakhala zaka m'kalasi ya omvera ndi ya ophunzira, nthawi zina n'kubwezedwa pa mayeso. Pamene Eliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzirapo pa Overtoun, anabwera kuchokera ku South Africa kumapeto kwa 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, anabatiza anthu opitirira 9,000 m'miyezi yochepa m'boma lomwe lino, boma la atsamunda lisanamuchotse m'chaka cha 1909. Sikuti onsewo anamvetsa chiphunzitso chake. Ambiri anali anthu amene anagogoda nthawi yaitali pa khomo la mishoni.

Nkhani ya Charles Domingo ndi yowawa koposa. Anabwera naye ndi Koyi kuchokera ku Quelimane ali kamwana, anakulira m'nyumba ya a Laws, anatsiriza maphunziro a ubusa, naloledwa kulalika, koma zaka zinapita osadzozedwa, mpaka anachoka mu mpingo. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'chaka cha 1914, patapita zaka 39 chifikire Ilala. Mwasi nayenso anadzapatuka m'chaka cha 1933 nayambitsa mpingo wake kuno kwa Atonga, podandaula kuti mbusa wachikuda sankayesedwa wofanana ndi mnzake woyera. A Laws sanali okha pogamula zimenezi, koma mawu awo ndiwo anali olemera pa mishoni yonse. Amunawa nawonso ankapemphera kuti atumidwe, monga anachitira mnyamata wa ku Aberdeen uja, ndipo yankho lawo linachedwera pa tebulo la munthu. Aphunzitsi aakulu ndi akuluakulu a maofesi, amene mapepala a anthu ena amadikira siginecha yawo, angachite bwino kuiganizira mbali imeneyi ya mbiriyi.

Komabe munthu yemweyo ndiye analimbikitsa ophunzira ake kuti azisonkhana ndi kulankhula ndi boma za madandaulo a anthu awo. Bungwe la North Nyasa Native Association linayamba m'chaka cha 1912, la West Nyasa m'chaka cha 1914, ndipo Levi Mumba, mmodzi wa oyambitsa, anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku Cape Town m'chaka cha 1919, anatuluka m'sukulu yomweyo, monganso David Kaunda, amene anakatsegula ntchito ya Mulungu ku Chinsali ndipo mwana wake anadzatsogolera Zambia. Pamene mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre inagwirizana kupanga CCAP m'chaka cha 1924, a Laws ndiwo anakhala pampando wa Sinodi yoyamba, ndipo Nkhoma inalowa m'chaka cha 1926.

Mayi Laws anamwalira m'chaka cha 1921. M'zaka zawo zotsiriza a Laws analimbikira kuti Overtoun ikule kufikira kukhala koleji yeniyeni, koma amishoni anzawo ndi akuluakulu a ku Scotland anaona kuti ndalamazo zipite ku sukulu za m'midzi, ndipo maganizo a nkhalambayo anakanidwa. Anachoka m'dziko lino m'chaka cha 1927, namwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934, ndipo anaikidwa kwawo ku Aberdeen. Sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite yake pa Khondowe m'chaka cha 2003, patapita zaka 69 chimwalirire iwo, ndipo malo a sukuluyo pa phiripo anatchedwa dzina lawo.