A. T. Robertson: Mwana wa Mlimi Amene Anaphunzitsa Abusa Zaka 46

M'mipingo yathu yambiri timayesa maitanidwe a munthu ndi liwu lake. Akakhala wa mawu amphamvu paguwa, tonse tibvomereza kuti Mulungu anamuitana. Koma mbiri ya a Archibald Thomas Robertson, mphunzitsi wa mpingo wa Baptist ku America, itiwonetsa kuti kukhala pansi ndi buku nakonso ndi maitanidwe.

A Robertson anabadwa pa 6 Novembala 1863 pafupi ndi Chatham ku Virginia, nkhondo yapaciweniweni ili mkati. Nkhondoyo inasaukitsa banja lao, ndipo mu 1875 linasamukira ku Statesville, North Carolina, kumene iwo anakulira pa nchito za kumunda. Anabatizidwa mu 1876 ndipo mtima wao unali pa ulaliki, koma anali ndi cibwibwi. Analimbana naco mpaka lilime linamasuka. Atatsiriza maphunziro pa Wake Forest College mu 1885, analowa seminale ya Southern Baptist ku Louisville, Kentucky.

Kumeneko mphunzitsi wao, a John A. Broadus, anaona mphatso yao pa Cigiriki, cinenero cimene Cipangano Catsopano cinalembedwamo. Mu 1888 anawatenga kukhala wothandizira wao. Mu 1894 a Robertson anakwatira Ella, mwana wa a Broadus, ndipo apongozi aowo atamwalira mu 1895, iwo ndiwo analowa m'malo ngati pulofesa wa Cipangano Catsopano.

Nchito yao yaikulu inali buku la galamala ya Cigiriki ca m'Cipangano Catsopano, la masamba oposa 1,300, limene linatuluka mu 1914 patapita zaka zambiri za khama. Nthawi imeneyo ku Egypt kunali kufukulidwa mapepala akale a gumbwa: makalata a pacibale, malisiti a msonkho, mapangano a minda. Potsatira akatswiri monga Adolf Deissmann ndi James Hope Moulton, a Robertson anagwiritsa nchito mapepalawa kusonyeza kuti atumwi sanalembe m'cinenero capadera ca anthu ophunzira okha, koma m'Cigiriki ca pamsika ndi pakhomo. Kwa ife alimi mfundoyi ndi yaikulu: uthenga unabwera m'kalankhulidwe ka anthu wamba.

Sanalembere akatswiri okha. Pakati pa 1930 ndi 1933 anatulutsa mabuku 6 ochedwa Word Pictures in the New Testament, omasulira mawu a Cigiriki kwa mbusa amene sadziwa bwino cinenerocho. Mabuku awa akali kuwerengedwa lero. Mabuku ao onse anakwana 45. Anathandizanso kuyambitsa bungwe la Baptist World Alliance limene linakumana koyamba ku London mu 1905.

M'kalasi anali wovuta, ndipo wophunzira wobwera osakonzekera ankacita manyazi pamaso pa anzake. Tisabise cina: m'masiku ao seminaleyo sinkalandira anthu akuda, ndipo khomo la makalasi ake linatseguka kwa iwo mu 1951. Maphunziro akuya paokha sacotsa tsankho la m'nyengo imene munthu akhalamo.

Pa 24 Seputembala 1934 a Robertson anadwala mwadzidzidzi ali m'kalasi, ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Anaikidwa m'manda a Cave Hill ku Louisville pafupi ndi apongozi ao.

Mlimi adziwa kuti wosankha mbeu saoneka pa tsiku lokolola, koma nkhokwe idzaza cifukwa ca iye. Mphunzitsi wa ku seminale ndi wosankha mbeu wa mpingo. Tsono wacinyamata wa pa mpingo pathu akapita kukaphunzira Mawu, tisamuone ngati wothawa khasu. Tikagulitsa cimanga, nshawa kapena thonje, tipatuleko kangacepe ka fizi ndi mabuku ake, pakuti cimene aphunzira lero ndico ana athu adzamva paguwa mawa.