George Wald ndi Chinsinsi cha Kuwala M'diso

Kwathu ku Mchinji mwana aliyense amakula akuuzidwa kuti asamayang'ane dzuwa, makamaka pa tsiku la kadamsana. Akuluakulu amakumbukirabe la pa 21 Juni 2001, pamene mzinda wa Lusaka unachita mdima masanasana ndipo kuno dzuwa linaphimbika mbali yaikulu. Koma chenjezoli silifotokoza chimene kuwala kumawononga m'disomo. M'nkhani ino ndifotokoza mbiri ya George Wald, katswiri amene ntchito yake imatithandiza kuyankha funso limeneli.

Wald anabadwa pa 18 Novembala 1906 mumzinda wa New York, ku America, m'banja la Ayuda amene anachokera ku Ulaya. Anaphunzira pa yunivesite ya New York, kenaka pa Columbia, pomwe anamaliza maphunziro ake apamwamba mu 1932 motsogoleredwa ndi Selig Hecht. Chaka chomwecho anapita ku Berlin kukagwira ntchito ndi Otto Warburg. Kumeneko anapeza kuti m'kachikopa kopyapyala kamene kali mkati mwa diso chakumbuyo, kotchedwa retina, muli vitamini A. Hitler atatenga boma mu 1933, dziko la Germany linasanduka malo oopsa kwa Myuda, ndipo Wald anabwerera kwawo. Mu 1934 anayamba ntchito pa Harvard, pomwe anakhala mpaka kupuma.

Iye ndi anzake, kuphatikizapo Ruth Hubbard amene anakwatirana naye mu 1958, anasonyeza mmene kuona kumayambira. M'maselo a retina muli chinthu chotchedwa rhodopsin, chimene mbali yake ina imapangidwa kuchokera ku vitamini A. Kuwala kukachigunda, mbali imeneyi, yomwe imakhala yopindika, imawongoka, ndipo uthenga umanyamuka kupita ku ubongo. N'chifukwa chake munthu wosowa vitamini A amayamba kuvutika kuona kukangoyamba kuda.

Apa m'pamene pagona nkhani. Retina imagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni wambiri, ndipo ili ndi mafuta osachedwa kuwonongeka. Kuwala kwamphamvu, makamaka kwa mtundu wa buluu, kukakumana ndi zimenezi kumabala tizinthu towononga totchedwa ma free radical. Timeneti timawononga mafuta a m'maselo, monga mmene nsinjiro zimayambira kununkha ndi kuwawa zikakhalitsa pamtetete. Mu 1966 Werner Noell anasonyeza pa makoswe kuti kuwala kungaphe maselo a retina ngakhale popanda kuwatentha. Choopsa n'chakuti retina simva ululu, choncho munthu amazindikira patapita maola, akayamba kuona kadontho kakuda pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana.

Wald analozanso kumene chitetezo chili. Pakati pa retina pali kachigawo kachikasu kotchedwa macula, kamene timawerengera malemba ndi kuzindikirira nkhope za anthu. Mu 1945 iye anafotokoza kuti chikasu chimenechi ndi cha gulu limodzi ndi chikasu chopezeka m'masamba a zomera. Mu 1985 akatswiri ena anatsimikiza kuti ndi lutein ndi zeaxanthin. Ziwirizi zimasefa kuwala kwa buluu komanso zimathetsa mphamvu ya tizinthu towononga tija. Ndiyo ntchito ya ma antioxidant. Thupi silizipanga lokha. Timazipeza m'ndiwo zamasamba monga mnkhwani, bonongwe ndi kholowa, m'chimanga chachikasu ndi m'mazira. Zimalowa bwino m'thupi zikadyedwa ndi mafuta, kotero mayi wotendera ndiwo ndi mtedza umene Mchinji imatchuka nawo amachita zoyenera ndithu.

Mu 1967 Wald analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Ragnar Granit ndi Haldan Keffer Hartline. Ulemuwo sanaugonere. Pa 4 Malichi 1969 anayankhula pa sukulu ya MIT motsutsa nkhondo ya ku Vietnam ndi zida zanyukiliya, ndipo anapitiriza kutero zaka zambiri. Anamwalira pa 12 Epulo 1997 ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, ali ndi zaka 90.

Monga wophunzira za chiyankhulo, ndimaona kuti nzeru za Wald sizinafike mokwanira m'Chichewa. Tili ndi mawu a chikope, nsidze ndi mwana wa diso, koma kachikopa kamkati kaja timakatchulabe ndi mawu obwereka, ndipo chinthu chopanda dzina n'chovuta kuchisamala. Ambirinso timanyoza ndiwo zamasamba ngati chakudya cha amphawi, pamene ndizo zimadyetsa macula. Komabe tisasokoneze zinthu ziwirizi. Mnkhwani umathandiza diso pang'onopang'ono pa moyo wonse, koma sungateteze munthu woyang'anitsitsa dzuwa kapena wowotcherera zitsulo popanda chotchinga kumaso. Ngakhale magalasi akuda a pamsika sakwanira pa tsiku la kadamsana. Maselo a retina akafa samera ena, ndipo pamenepa chenjezo la makolo ndi kafukufuku wa Wald zikugwirizana.