Maria Goretti Woyera, Mwana Amene Anakhululukira Womupha

Pa 6 Julaye chaka ndi chaka Eklezia Katolika amakumbukira Maria Goretti Woyera, mtsikana wa ku Italy amene anafa ali ndi zaka 11. Ambiri amamdziwa chifukwa analola kufa pokana tchimo lachiwerewere. Koma mbiri yake iphunzitsanso lamulo lovuta koposa la Ambuye, lakuti Mkristu akhululukire mdani wake.

Maria anabadwa pa 16 Okutobala 1890 ku Corinaldo. Atate ake anali a Luigi Goretti, amai ake a Assunta, anthu osauka odalira khasu. Umphawi utawapanikiza anasamuka kwao, ndipo m'chaka cha 1899 anafika ku Le Ferriere, pafupi ndi mzinda wa Nettuno, dziko la madambo ndi udzudzu. Kumeneko analima munda wa mwini malo namagawana naye zokolola, ndipo anakhala nyumba imodzi ndi munthu wina, Giovanni Serenelli, pamodzi ndi mwana wake wamwamuna Alessandro.

M'chaka cha 1900 a Luigi anamwalira ndi malungo. Amai aja anatenga khasu la amuna ao, ndipo ntchito zonse za pakhomo zinagwera Maria, ali ndi zaka 9 zokha: kuphika, kusoka, kutunga madzi ndi kulera ang'ono ake. Sukulu sanaione, komabe anaphunzira katekisimu mwakhama mpaka analandira Ukaristia woyamba, ndipo Korona anali pemphero lake la tsiku ndi tsiku.

Alessandro, mnyamata wa zaka 20, anayamba kumnyengerera kuti achimwe naye, namuopseza kuti akaulula adzamupha. Pa 5 Julaye 1902, anthu ali pabwalo kupuntha nyemba, anampeza Maria akusoka malaya uku akuyang'anira mng'ono wake Teresa, namkokera m'nyumba. Mtsikanayo anakana kwamtuwagalu, namchenjeza kuti limenelo ndi tchimo limene likamtaya kumoto. Pamenepo mnyamatayo anambaya ndi chitsulo chosongoka, namsiya ndi mabala 14.

Anamtengera ku chipatala cha ku Nettuno, kumene madokotala anamchita opaleshoni popanda mankhwala ogonetsa. M'mawa mwake wansembe, asanampatse Ukaristia wotsiriza, anamkumbutsa m'mene Yesu anakhululukira omkhomera pamtanda, namfunsa ngati iyenso akhululukira Alessandro. Mwanayo anayankha kuti amkhululukira chifukwa cha chikondi cha Yesu, nawonjeza kuti afuna adzakhale naye pamodzi kumwamba. Tsiku lomwelo, pa 6 Julaye, anatsirizika.

Chikhululuko cha Maria sichinafafanize mlandu. Bwalo linamlamula Alessandro kukhala m'ndende zaka 30, ndipo anamtumiza ku Noto, pa chilumba cha Sicily. Zaka zoyamba anali wouma mtima, wosafuna kumva za kulapa. Koma iye mwini anasimba pambuyo pake kuti usiku wina analota Maria akumpatsa maluwa oyera, amene ankayaka ngati moto akafika m'manja mwake. Episkopi wa ku Noto, Ambuye Giovanni Blandini, anadzamchezera m'ndendemo, ndipo Alessandro anawalembera kalata yovomera kulakwa kwake. Anatuluka m'chaka cha 1929, atakhalamo zaka 27.

Kunatsala munthu mmodzi amene bala lake linali lisanapole. Imfa ya Maria inapasula banja la mai Assunta: popeza panalibenso wowasungira ana pamene iwo ali kumunda, anabwerera ku Corinaldo manja ali m'khosi, ana ena nkukaleredwa ndi anthu ena. Tsono pa Khirisimasi ya 1934 Alessandro anafika pakhomo pao, nawagwadira kupempha chikhululuko. Mai wachikulireyo anaona kuti popeza Mulungu anamkhululukira, ndi Maria yemwe anamkhululukira, iwo sakanatha kumkaniza. Pa Misa ya chikondwererocho awiriwo anagwada pamodzi nalandira Ukaristia, akristu onse a m'parishi akuona.

Pamene Eklezia anafufuza za moyo wa Maria, Alessandro anakhala mmodzi wa mboni, nanena poyera kuti kulakwa konse kunali kwake. Papa Pius XII anamtchula Maria kuti ndi Wodala pa 27 Epulo 1947, ndipo pa 24 Juni 1950 anamlemba m'gulu la Oyera. Anthu anachuluka kotero kuti mwambowo unachitikira panja, pa bwalo la tchalitchi la Petro Woyera ku Roma, mai Assunta alipo. Maiwo anamwalira m'chaka cha 1954. Alessandro anatha masiku ake akutumikira ansembe a chipani cha Capuchin, kulima dimba ndi kuyang'anira pakhomo, namwalira ku Macerata pa 6 Meyi 1970. Thupi la Maria lili m'tchalitchi la ku Nettuno, losungidwa ndi ansembe a chipani cha Passionist.

Maria sanadikire kuti Alessandro ayambe wapepesa, pakuti pa nthawi imene anamkhululukira mnyamatayo anali asanalape konse, ndipo kulapa kwake kunadza patapita zaka. Mai Assunta nawonso sanayese kuti choipa chija chinali chaching'ono. Anachidziwa kulemera kwake kuposa wina aliyense. Onse awiri anakhululuka chifukwa chomvera Ambuye, amene anauza Petro kuti kukhululukira mbale kulibe malire, naphunzitsanso kuti munthu ayambe wayanjana ndi mnzake asanapereke mphatso yake pa guwa.

Akatekisti pophunzitsa pemphero la Atate Athu achita bwino kusimbira ophunzira ao mbiri imeneyi, kuti amvetse kuti wopempha chikhululuko kwa Mulungu alonjezanso kukhululukira omchimwira. Ndipo Mkristu amene wakhala zaka osalankhulana ndi mbale wake chifukwa cha malire a munda, ngongole kapena mau achipongwe, alingalire za mai Assunta asanapitenso kukalandira Ukaristia.