Gustave Doré, Mmisiri wa Zithunzi za M'Baibulo

Ambiri a ife tinaonapo chithunzi cha chigumula cha Nowa, makolo akukankhira ana awo pamwamba pa thanthwe madzi akukwera, koma osadziwa amene anachijambula. Mwini wake ndi Gustave Doré, amene anabadwa pa 6 Januwale 1832 ku Strasbourg, m'dziko la France.

Doré sanalowepo sukulu ya zojambula. Aphunzitsi ake anali nkhalango zowirira za mapiri a Vosges ndi tchalitchi chachikulu cha mumzinda wakwawo, ndipo mdima wa malo amenewa sunachoke m'zithunzi zake. Ali ndi zaka 15, Charles Philipon anamulemba ntchito ku Paris yojambula zithunzi zoseketsa mu nyuzipepala ya Le Journal pour rire. Bambo ake atamwalira mu 1849, ntchitoyi inathandiza kusamala banja.

Iye ankajambula pathabwa losalala, kenaka amisiri osema, monga Héliodore Pisan, ankagoba paliponse pofunika kuyera. Pamene sanagobe ndi pomwe pankagwira inki. Njira ya scratchboard imatsata nzeru yomweyi: bolodi lopakidwa dongo loyera amalikuta ndi inki yakuda, wojambula n'kumakanda ndi kampeni mpaka mizere yoyera iwonekere. Uku n'kuyambira mumdima kufunafuna kuwala.

Mu 1861 anajambula zithunzi za Inferno, buku la Dante. Wosindikiza anakayika ngati lingagulidwe, motero Doré analipira yekha ndalama zosindikizira, ndipo bukulo linayenda malonda. Mu 1866 munatuluka Baibulo lokhala ndi zithunzi zake 241, zimene zinafalikira m'mayiko ambiri. Kawirikawiri m'zithunzizi kuwala kumatsika kumwamba kugwera munthu mmodzi, kwina konse kuli bii.

Mdima wina anakaupeza m'misewu. Buku la London: A Pilgrimage, limene anapanga pamodzi ndi Blanchard Jerrold ndipo linatuluka mu 1872, lili ndi zithunzi 180. Muli olemera ali pamaphwando, komanso muli onyamula katundu padoko, ana opanda nsapato ndi akaidi a ku Newgate akuzungulira pabwalo. Ena anamudzudzula kuti akukuza umphawi. Koma mu 1890 Vincent van Gogh anatenga chithunzi cha akaidicho n'kuchijambulanso ndi utoto.

Chimene Doré ankachilakalaka kwambiri, kuti kwawo amulemekeze ngati katswiri wa zithunzi zikuluzikulu za utoto, sanachipeze. Ankamuona ngati wokongoletsa mabuku chabe. Sanakwatire, ndipo anamwalira ku Paris pa 23 Januwale 1883 ali ndi zaka 51.

Kuno ku Thyolo zithunzi za minda yobiriwira ya tiyi n'zosasowa. Wophunzira amene ali ndi luso la pensulo atengerepo phunziro pa Doré, ayang'anenso manja ndi nkhope za othyola tiyiyo.