ZAID BIN HARITHA (R.A): MWANA WOLEREDWA M'NYUMBA YA MTUMIKI

Pa tsiku la Idi ana athu amavala zatsopano n'kumayenda khomo ndi khomo mosangalala. Koma m'makomo ambiri mwathu muno muli ana amene sitidawabereke ife: mwana wa mlongo wathu amene adatisiya, mdzukulu, kaya mwana wa mnansi amene adasowa kolowera. Poganizira ana oterewa taona kuti n'kwabwino tikumbutsane mbiri ya Swahaba mmodzi amene adakulira pakhomo posakhala pa bambo ake omubereka.

Zaid adabadwa cha m'ma 581 mu fuko la Kalb, kumpoto kwa Arabia. Bambo ake adali a Haritha, mayi ake a Su'da ochokera mu fuko la Tayy. Tsiku lina mayiwa adamutenga kukacheza kwawo, ndipo ali konko achifwamba okwera pa akavalo adaukira mudziwo n'kumuba mwanayo. Adakamugulitsa pa msika wa Ukaz ngati mbuzi. Amene adamugula pa mtengo wa madirham 400 ndi Hakim bin Hizam, ndipo adamupereka kwa azakhali ake, mayi Khadija (R.A). Mayi Khadija atakwatiwa ndi Muhammad (S.A.W) adampatsa mwamuna wawo mnyamatayu ngati mphatso. Apa n'kuti utumiki usanayambe.

Kumudzi bambo Haritha sadagone tulo. Ankayenda uku ndi uku kufunsa apaulendo, nthawi zina n'kumalakatula ndakatulo zolira mwana wawo, osadziwa ngati ali moyo kapena adafa. Patapita zaka, anthu a fuko la Kalb amene adabwera ku Makkah kudzazungulira Ka'aba adamuona Zaid n'kumuzindikira. Uthenga utafika kumudzi, a Haritha ndi m'bale wawo Ka'b adanyamula chuma cha dipo, ulendo wa ku Makkah.

Zimene zidachitika atafika tiziwerenge modekha. Muhammad (S.A.W) adakana dipo lija. Adawauza alendowo kuti mnyamatayo asankhe yekha: akafuna kupita, apite popanda kulipira kanthu, akafuna kukhala, sangamuthamangitse. Zaid adaitanidwa, ndipo adawazindikira bwinobwino bambo ake ndi m'bale wawoyo. Koma adasankha kukhala. Bambo ake adadabwa, ndiponso zidawapweteka, kuti mwana angakonde ukapolo kusiya ufulu ndi abale ake. Zaid adafotokoza kuti mwa munthu ameneyu adaonamo khalidwe limene sakadalisinthanitsa ndi wina aliyense. Tadzifunsani nokha: kodi mwana amene tikumulera pakhomo pathu, atapatsidwa mwayi wosankha lero, angasankhe ife? Kapena ndi uja amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi pamene ana athu enieni akukonzekera sukulu?

Pompo Muhammad (S.A.W) adamugwira dzanja n'kupita naye pa Ka'aba, ndipo adalengeza pamaso pa Aquraish kuti Zaid ndi mfulu, ndi mwana wake, ndipo adzalowerana chuma. Mtima wa a Haritha udakhala pansi ndipo adabwerera kwawo. Kuyambira pamenepo anthu ankamutchula Zaid bin Muhammad. Tisaiwale kuti Mtumikiyo ankaudziwa umasiye: adayamwa kwa mayi Halima, adaleredwa ndi agogo ake Abdul Muttalib, kenako ndi Abu Talib, m'bale wa bambo ake.

Chivumbulutso chitayamba mu 610, Zaid adali m'gulu la anthu oyambirira kulowa Chisilamu. Ndi iye amene adaperekeza Mtumiki ku Ta'if, kumene anthu adawagenda. Iye ankatchinga miyala ndi thupi lake mpaka adavulala m'mutu. Pambuyo pa Hijra ya mu 622 adatumidwa kubwerera ku Makkah kukatenga banja la Mtumiki. Pa nkhondo ya Badr mu 624 ndi iyeyo adathamanga pa ngamira ya Mtumiki kukanena ku Madinah kuti Asilamu apambana. Adakwatira mayi Umm Ayman (R.A), amene adamulera Mtumiki ali mwana, ndipo adabereka naye Usama. Maswahaba ankamutcha Zaid wokondedwa wa Mtumiki wa Allah.

Cha m'chaka chachisanu cha Hijra padabwera lamulo limene ndilo gwero la nkhani yathuyi. Mu Surah Al-Ahzab, ndime 4 ndi 5, Allah (S.W.T) adathetsa mwambo wa nthawi ya umbuli wosandutsa mwana wolera kukhala ngati wobereka. Mwana ayenera kutchulidwa ndi dzina la bambo ake enieni, ndipo ngati sakudziwika, ameneyo ndi m'bale wathu m'chipembedzo. Choncho Zaid bin Muhammad adabwereranso kukhala Zaid bin Haritha. Nthawi yomweyonso banja lake ndi Zainab bint Jahsh (R.A) lidali litatha chifukwa chosamvana, ndipo Allah adalamula Mtumiki kuti amukwatire Zainab, pofuna kuonetsa poyera kuti mkazi wosiyidwa ndi mwana wolera sali ngati mkazi wa mwana wobereka. Achinyengo a ku Madinah adalankhula zambiri, monga achitira anthu otere. Mu ndime 37 ya Surah yomweyi dzina la Zaid latchulidwa, ndipo ndi Swahaba yekhayo amene Qur'an yolemekezeka yamutchula dzina lake. Ana athu ku madrasa tikawafunsa funso limeneli ambiri amathamangira kuyankha Abu Bakr.

Ena akamva lamuloli amaganiza kuti Chisilamu chidaletsa kulera mwana wa wina. Ayi ndithu. Chidaletsedwa ndi bodza la dzina ndi mtundu basi. Kulera mwana wamasiye, kumene pa Chiarabu amati kafala, Mtumiki adakulimbikitsa mpaka kulonjeza wolerayo kuti adzayandikana naye ku Jannah. Mwanayo adye mbale imodzi ndi ana athu, aphunzire sukulu ndi madrasa, koma adziwe kwawo ndi abale ake, kuopa kuti tsiku lina angadzakwatire mlongo wake mosadziwa. Pa chuma cha masiye alibe gawo lokhazikika ngati la mwana wobereka, koma womulera angathe kumupatsa mphatso akadali moyo, kapena kumulembera wasiya wosapyola gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake. Ngati mwanayo adabwera ali wakhanda n'kuyamwa kasanu kwa mayi wa pakhomopo asanakwane zaka 2, malinga ndi madhhab a Imam Shafi'i amene ambiri a ife timatsatira, ameneyo wasanduka m'bale wa bere limodzi ndi ana a m'nyumbamo. Ndipo munda, nyumba kapena ndalama zimene makolo ake adamusiyira si zathu. Ife ndi osunga chabe mpaka atakula. Zolanda katundu maliro asanathe n'komwe zija, Surah An-Nisa ikuzifanizira ndi kudya moto.

Dzina lidasintha koma malo a Zaid mumtima wa Mtumiki sadasinthe. Ankamuika kukhala mtsogoleri wa magulu ankhondo kangapo konse, pamwamba pa anthu obadwira m'mabanja otchuka. M'chaka cha 629, chachisanu ndi chitatu cha Hijra, adamupatsa mbendera ya asilikali 3,000 opita ku Mu'tah, dera limene lero lili m'dziko la Jordan, kukakumana ndi gulu lalikulu la Aroma. Zaid adamenya nkhondo mbendera ili m'manja mpaka adalasidwa ndi mikondo n'kufa Shahid. Mbendera adaitola Ja'far bin Abi Talib, kenako Abdullah bin Rawaha, onsewa n'kuphedwanso, mpaka Khalid bin Walid adabweza gululo mwanzeru.

Ku Madinah Mtumiki adalengeza yekha za imfayi misozi ili m'maso. Atafika kunyumba ya Zaid, kamtsikana ka malemuyo kadamuthamangira kakulira, ndipo nayenso adalira mpaka Maswahaba adadabwa. Patatha zaka zitatu, atatsala pang'ono kumwalira, adasankha Usama, mnyamata wa zaka zosapyola 20, kuti atsogolere asilikali kupita kudera lomwe lija kudafera bambo ake. Khalifa Abu Bakr (R.A) ndi amene adalitumiza gululo mu 632. Manda a Zaid ali m'tauni ya Al-Mazar pafupi ndi Karak, ndipo anthu amakawaona mpaka lero. Allah asangalale naye.