Abd al-Malik ndi Nkhondo ya Mafumu Atatu

Kumpoto chakuzambwe kwa Africa kuli dziko lotchedwa Morocco. Zaka zoposa 400 zapitazo m'dzikomo mudali mfumu ina, dzina lake Abd al-Malik. Mfumu imeneyi idalamula zaka ziŵiri zokha, koma mpaka lero anthu a ku Morocco saiiŵala.

Abd al-Malik adali mwana wa Mfumu Muhammad al-Shaykh. Bambo akewo ataphedwa m'chaka cha 1557, ufumu udapita kwa mkulu wake, Abdallah. Poopa kuti mkulu wakeyo angamchite chiŵembu, Abd al-Malik adathaŵira ku Algeria, dziko limene nthaŵi imeneyo linali m'manja mwa anthu a ku Turkey. Mng'ono wake Ahmad adathaŵira komweko. Kuchilendoko Abd al-Malik sadangokhala chabe ai. Adaphunzira zilankhulo zingapo, ndiponso adaloŵa usilikali naphunzira kamenyedwe ka nkhondo ya mfuti.

M'chaka cha 1574 Abdallah adamwalira, ndipo mwana wake Muhammad adaloŵa ufumu. Apa mpamene padayambira mkangano. Abd al-Malik ankati ufumu uyenera kupita kwa wamkulu m'banjamo, osati kwa mwana pamene atate ake aang'ono akali moyo. Choncho m'chaka cha 1576 adabwerera kwao ndi asilikali amene anthu a ku Turkey adampatsa, nalanda mzinda wa Fez. Muhammad adagonja nathaŵa.

Muhammad sadafune kuvomera kuti ufumu wamtayika. Adakapempha chithandizo kwa Sebastian, mfumu ya dziko la Portugal. Sebastian ameneyu ndi yemwe uja adatuma asilikali ake ku mtsinje wa Zambezi kuti akalande migodi ya golide ya Mwene Mutapa. Adali mnyamata wa zaka 24, wokonda nkhondo, ndipo ankalakalaka kulamula Morocco. Abd al-Malik adamlembera makalata omupempha kuti asaloŵerere mlandu wa m'banja la eni ake, koma Sebastian sadamvere.

Apwitikizi adafika pa zombo ku doko la Asilah, nayamba ulendo wapansi woloŵa m'kati mwa dziko. Inali nyengo yotentha kwambiri. Adayenda masiku angapo atasenza zida zolemera, chakudya chikuŵathera. Abd al-Malik ankaŵadikira pafupi ndi mzinda wa Ksar el-Kebir. Asilikali ake adali ochuluka kuposa a adani, ndipo ambiri mwa iwo adali okwera pa akavalo. Koma panali vuto limodzi lalikulu: mfumuyo inkadwala kwakayakaya, kotero kuti ankachita kuinyamula pa machira.

Nkhondo idayamba pa 4 Ogasiti 1578, m'mbali mwa mtsinje wa Makhazin. Poyamba Apwitikizi adamenya mwamphamvu, ndipo asilikali ena a ku Morocco adayamba kubwerera m'mbuyo. Abd al-Malik ataona zimenezi adadzikakamiza kukwera pa kavalo kuti alimbitse anthu ake mtima. Mphamvu zidamthera, ndipo atambwezera pa machira paja adatsirizika. Nduna zake zidadziŵa kuti asilikali akamva za imfayo adzabalalika. Choncho zidabisa maliro, nizipitiriza kupereka malamulo m'dzina la mfumu ngati kuti ikali moyo.

Asilikali a pa akavalo adazinga Apwitikizi mbali zonse, naŵagonjetsa kotheratu. Sebastian adafera pomwepo. Muhammad adamira mumtsinje pamene ankayesa kuthaŵa. Motero tsiku limodzi lokha mafumu atatu adafa, ndipo nchifukwa chake nkhondoyi imatchedwa Nkhondo ya Mafumu Atatu.

Zotsatira zake zidali zazikulu. Ahmad, mng'ono wa Abd al-Malik uja, adaloŵa ufumu napatsidwa dzina lakuti al-Mansur, kutanthauza wopambana. Adalamula mpaka chaka cha 1603. Apwitikizi ambiri adagwidwa ukapolo, ndipo abale ao adalipira chuma chochuluka poŵaombola. Sebastian sadasiye mwana, choncho ku Portugal nakonso kudabuka mkangano wa ufumu, mpaka m'chaka cha 1580 dzikolo lidagwa m'manja mwa Mfumu Philip ya ku Spain. Lidakhala pansi pa mafumu a ku Spain zaka 60.

Abd al-Malik sadaone kupambana kwa asilikali ake. Komabe chifukwa cha kulimba mtima kwake, ndi nzeru za nduna zake, dziko la Morocco silidalandidwe ndi Apwitikizi.

Mafunso

1. Kodi Abd al-Malik adathaŵiranji ku Algeria?
2. Fotokozani chimene chidayambitsa mkangano pakati pa Abd al-Malik ndi Muhammad.
3. Nchifukwa ninji nduna zidabisa imfa ya mfumu?
4. Tchulani maina a mafumu atatu amene adafa pa nkhondoyi.