Malemu Samuel Josia Nthara: Mphunzitsi Amene Anaika Mwana wa Kumudzi M'buku

Anzathu amene tinadutsa m'manja mwa aphunzitsi a Chichewa, dzina la Nthondo si lachilendo. Koma ndi angati mwa ife amene tikudziwa mbiri ya mlembi wake?

A Samuel Josia Nthara anabadwa m'chaka cha 1905 ndipo anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, m'boma lathu lino la Lilongwe. Masiku amenewo mabuku ambiri a Chinyanja ankalembedwa kapena kumasuliridwa ndi amishoni. Azungu ambiri ankaganiza kuti munthu wakuda ngwongowerenga za eni ake basi, kulemba ayi. A Nthara sanagonjere maganizo amenewa.

Bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures litakonza mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, iwo anatumiza nkhani ya Nthondo, ndipo inapata mphotho. Bukuli linatuluka m'chaka cha 1933. Limatsata moyo wa mwana wa Chichewa kuyambira kubadwa kwake, unyamata wake wopulupudza, ulendo wokafuna ntchito kutali, mpaka atasintha mtima n'kukhala mfumu ya mudzi. Mu 1934 a T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Tsono nkhani ya kwathu inawerengedwa ndi Angerezi omwe.

Sanalekere pomwepo. Analembanso Mbiri ya Achewa, Nchowa ndiponso Msyamboza. Anatisiya m'zaka za m'ma 1970.

Chachikulu chimene anachita bamboyu n'chakuti mwana wa sukulu anadziona yekha m'buku: mudzi wake, chilankhulo chake, miyambo ya makolo ake. Mwana wotere amayamba kukhulupirira kuti naye ndi munthu, ndipo angathe kulemba zake. Ku America, buku la zithunzi la Ezra Jack Keats lotchedwa The Snowy Day, lonena za mwana wakuda, linatuluka mu 1962, patapita zaka pafupifupi 30.

Lero lilipo buku la zithunzi la 2012 lofotokoza za William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anapanga magetsi a mphepo. Nanga ana athu kuno ku Area 25 aliona? M'mera mpoyamba. Tikamakonza zothandiza sukulu yathu, tisaiwale mabuku oti mwana akatsegula apezemo nkhope yonga yake.